Mabedi a kolera aja aunjikidwa pansi pa mango

Amake Fatsani: Mwaswera bwanji nonse. Lero ndinapita ndi mwana ku sikelo pa chipatala chathu chaching'ono chija. Ndikuzungulira kuseri kufuna mpopi, ndapeza mabedi a kolera, aja oboola pakati aja, ataunjikidwa pansi pa mtengo wa mango. Miyendo yachita dzimbiri, malona ang'ambika, nkhuku ikufungatira mazira m'kati mwa limodzi. Tenti nayo anaipinda, ili pakona, mbuzi yagonapo. Mtima wanga unangoti myuu. Mvula ili pafupi iyi. Zikayambiranso tidzagona pati?

Che Kabaza: Mudzagona pansi mayi, ngati kale. Kodi pansi panatha?

Amake Fatsani: Musaseke achimwene. Ine apongozi anga anagona pa mabedi amenewo.

Che Kabaza: Pepani mayi, sindimaseka inu. Ndimaseka kuti nthawi zonse timayamba kukumba chitsime nyumba ikupsa kale.

Madala a ku Malindi: Mabedi amenewo nthenda ikatha amayenera kutsukidwa ndi kolorini, kuumitsidwa, nkutsekeredwa m'sitolo. Koma sitolo yake ilipo? M'zipatala zing'onozing'ono zambiri chipinda chimodzi chomwecho ndi cha mankhwala, cha makatoni a maneti, cha njinga ya mlangizi.

Namwino wa Usiku: Ndangodzuka kumene, ndinali pa naiti. Amake Fatsani mwachita bwino kutiuza. Koma ndinene zoona, pa zonse zimene zinatisowa nthawi ya korona ndi ya kolera, bedi linali laling'ono kwambiri. Bedi ndi chitsulo chabe. Wowotcherera wa pamsika atha kukupangirani angapo pa sabata imodzi. Chovuta ndi zimene ziyenera kuzungulira bedilo: namwino woti aziona wodwala usiku, diripi, mpweya, madzi a mu mpopi, magetsi, munthu wokolopa. Mukaika mabedi 40 mu tenti koma anamwino nkukhala awiri omwe aja, simunakulitse chipatala. Mwangokulitsa malo oti anthu azifera moyandikana.

Aphunzitsi a ku Namwera: Mawu olemera awa asisi.

Namwino wa Usiku: Ndi mmene zinalili aphunzitsi. Anthu amaona tenti yoyera yaikidwa, nduna yadula riboni, amati basi takonzeka. Ife m'kati timafunsana kuti agonamo usiku uno ndani, poti tonse tili kale pa mndandanda wa ku mateniti ndi ku wodi ya ana.

Wa ku Joni: Koma korona kunoko inalipodi? Ine ndinali ku Johannesburg nthawi yoyamba ija, kumeneko ndiye anthu amagwa. Nditabwera kuno ndinapeza anthu ali pa msika wa nsomba phwamwamwa, opanda masiki, opanda chilichonse. Ndimaona ngati kuno inali nthenda ya mabwana a ku Lilongwe ndi ku Blantyre.

Aphunzitsi a ku Namwera: Achimwene, funde loyamba ndi limene linatipusitsa tonse. Odwala oyamba m'dziko muno analengezedwa pa 2 Epulo 2020. Boma linafuna kutitsekera m'nyumba masiku 21, khoti linakana. Kenako kampeni, misonkhano yodzaza mabwalo, chisankho cha pa 23 Juni. Odwala anakwera cha mu Julaye, nkutsika. Pofika Okutobala aliyense amati ife Amalawi magazi athu ndi olimba. Ndiye kunabwera Januwale 2021. Tsiku limodzi lokha, pa 12, tinataya nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama. Tsiku lomwelo a Chakwera analengeza kuti dziko lili pa ngozi. Bingu Stadium inasanduka chipatala, nyumba ya boma ya ku Zomba nayonso.

Wa ku Joni: Mwaona, mwatchula nduna zokhazokha. Ndi zimene ndikunena.

Namwino wa Usiku: Nduna ndi zimene zimatchulidwa pa wailesi achimwene. Agogo amene amafika pa kabaza akubanika, milomo itada, nkumwalira asanayezedwe nkomwe, amenewo kumudzi amati chinali chibayo, kapena mphumu, kapena awalodza. Ine ndinawatseka maso ndi manja angawa. Sanali mabwana.

Che Kabaza: Apa ndikuchitira umboni. Januwale ameneyo ndinanyamula nkhalamba zingapo zobanika. Mmodzi ndinachita kumumanga ndi chitenje kumsana kwanga kuti asagwe. Ndimamumva kupuma kwake pakhosi panga ngati munthu akupopa tayala loboola.

Amake Fatsani: Ambuye.

Namwino wa Usiku: Tsono ndikuuzeni za mpweya, chifukwa ndi pamene panali mutu wa nkhani. Silinda yaikulu ija, yofika m'phewa mwa munthu, ikadzaza imakhala ndi malita pafupifupi 6,800. Munthu wobanika kwambiri timamupatsa malita 15 pa mphindi. Gawani nokha. Ndi maola 7 ndi theka basi, silinda yatha. Ndiye kuti munthu mmodzi akufuna masilinda atatu pa tsiku. Akakhala khumi, ndi masilinda 30 tsiku lililonse, ndipo opanda kanthuwo ayenera kukwera galimoto kupita kukadzazidwa kutali nkubwereranso. Kale silinda imodzi imatha kukhala masiku angapo ku wodi ya ana, chifukwa khanda limafuna lita imodzi kapena theka pa mphindi. Tsono munthu wamkulu mmodzi wa korona amamaliza mpweya umene ukanasunga makanda khumi ndi kuposa.

Madala a ku Malindi: Nanga timakina tija tolumikiza kumagetsi?

Namwino wa Usiku: Makonsentireta. Amathandiza, koma ambiri amapereka malita 5, abwinoko 10. Kwa wobanika kwambiri sakwana. Ndipo magetsi akathima nako kamathima. Usiku wina magetsi atapita, jenereta ikukana kulira, ndinayenda ndi tochi ya pa foni kuchoka bedi ili kupita bedi ilo ndikusankha kuti silinda yotsalayo ndimulumikize ndani. Bambo wina gadiyani anandigwira dzanja nkuti, sisita, ayambe ndi mayi anga. Ndinalibe choyankha. Mpaka lero ndikamva kulira kwa alamu ya kamakina kaja, ngakhale pa TV, m'mimba mumandipota.

Admin: Asisi, Mulungu akudalitseni. Ena tinali kunyumba kudandaula kuti mabala atsekedwa 8 koloko.

Mwana wa Sukulu ya Udotolo: Ndiwonjezereko pang'ono akuluakulu. Pali kawerengedwe kamene anatiphunzitsa kamene kanandithandiza kumvetsa. Kudzaza kwa wodi sikutengera kuchuluka kwa olowa kokha, komanso masiku amene aliyense akukhala. Mwana wa malungo akapatsidwa mankhwala bwino, masiku atatu watuluka, bedi lapeza wina. Wa korona wofuna mpweya amatha sabata, ena masabata awiri. Ngati akulowa atatu pa tsiku ndipo aliyense akukhala masiku 10, ndiye kuti mabedi 30 adzaza ndipo sakupuma. Anthu atatu pa tsiku kumva kwake ngati nzochepa, koma wodi yatha.

China nchakuti chipatala chimadzaza mochedwa. Anthu amatenga kachilombo lero, kubanika kumayamba patatha sabata kapena kuposa. Ndiye pamene wailesi ikuti ziwerengero zayamba kutsika, ku wodi ndi pamene kwafika povuta.

Wa ku Joni: Nanga bwanji imapita nkubweranso? Munthu ukadwala chikuku sudwalanso.

Mwana wa Sukulu ya Udotolo: Kachilombo kake kamasintha ankolo. Funde la Januwale 2021 linali la mtundu wa Beta, umene unayamba kuonedwa ku South Africa. La pakati pa chaka chomwecho, Juni mpaka Ogasiti, linali la Delta, umene unayamba kuonedwa ku India. Cha mu Disembala kunabwera Omicron. Chitetezo cha m'thupi nacho chimachepa pakapita miyezi. Ndiye onjezanipo ife eni: zikatsika timavula masiki, maukwati ndi zinkhoswe zimayambiranso, mabasi a ku Joni amadzaza pa Khrisimasi.

Wa ku Joni: Eya, mwafika pamene ndimadikira. Nthawi zonse olakwa ndi ife a ku Joni. Mukudziwa mmene anatilandirira? Anzathu amene anabwera mu Meyi 2020 anawaika pa Kamuzu Stadium, anthu mazanamazana, kudikira zotsatira. Anathawa, dziko lonse linawatukwana. Koma amene anatukwanawo sanafunse kuti anthuwo amagona bwanji, amadya chiyani. Ine nditafika kumudzi azakhali anga enieni anandiikira nsima pakhomo ngati galu. Ndalama zathu zokha ndiye zinalibe korona.

Mwana wa Sukulu ya Udotolo: Pepani ankolo, sindimaloza chala. Boma lathu lino la Mangochi nyumba zambiri zamalata zamangidwa ndi thukuta la ku Joni, aliyense akudziwa. Ndimangonena kuti kachilombo kamayenda ndi anthu, kaya achokera ku Durban kaya ku Chiponde kaya ku Limbe.

Amake Fatsani: Ndalama zinalibe korona kkkkk. Achimwene mwandiseketsa ndili ndi chisoni.

Usipa Wabwino: Usipa wouma wa ku Makawa ulipo, chidebe mtengo wabwino, tilankhulane ku inbox.

Admin: Achimwene a usipa, malonda ndi Loweruka. Lamulo lija simunaliiwale.

Usipa Wabwino: Pepani a Admin, ndalakwitsa gulu.

Mlangizi wa ku Makanjira: Netiweki kuno ikuvuta, ndawerenga zonse pakamodzi. Ine ndikufuna ndinene za anthu amene sanadwale korona kapena kolera koma anavutika nazo. Amenewa palibe amawawerenga. Nthawi ya funde lachiwiri amayi anasiya kubwera ku sikelo. Amati mukapita kuchipatala akakuyezani mphuno, akakupezani nako, akakutsekerani. Ana anadumpha katemera. A ma ARV ena anasiya kukatenga mankhwala. Munthu wa chifuwa chachikulu amabisa chifuwa chake kuopa kuti anena kuti ndi korona, ndiye amafika patatha miyezi atatheratu, atapatsiranso a m'nyumba mwake. Amayi oyembekezera ena anabwerera kwa azamba. Funde likadutsa, onsewa amabwera pakamodzi, atadwalitsitsa. Ndiye pamene anthu akuti chipatala chapuma, ife ndi pamene tikulipira ngongole.

Namwino wa Usiku: Ndendende. Ndipo ngongole ija usanamalize kubweza, funde lina lafika.

Aphunzitsi a ku Namwera: Ngakhale magazi. Ambiri sadziwa kuti a Malawi Blood Transfusion Service amadalira kwambiri ana a sukulu za sekondale ndi makoleji. Sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 mpaka Sepitembala, galimoto yawo ikanapita kuti? Mayi wotaya magazi pobereka alibe nazo ntchito za korona, koma kutseka kwa sukulu kunamupeza pa bedi lake.

Madala a ku Malindi: Ndipo Januwale ndi mwezi woipa kale ngakhale popanda mliri. Malungo ali pachimake, njala ili m'nyumba, ana otupa mapazi adzaza. Ine ndinagwira ntchito ya ukalaliki m'zipatala zaka zambiri ndisanapume. Mwezi umenewo ku wodi ya ana bedi limodzi ana awiri kapena atatu, amayi awo pansi. Izi zinali chomwecho mliri usanabwere. Tsono mliri umapeza chidebe chodzaza kale mpaka m'milomo.

Musaiwalenso kuti boma lino lili ndi anthu oposa 1.1 miliyoni malinga ndi kalembera wa 2018, ndipo chaka chomwecho moto unatentha mbali ina ya chipatala chathu chachikulu pa boma. Korona anatipeza tikadali kudzikoka.

Dalaivala Wopuma: Ndilowepo pa nkhani ya galimoto. Anthu amati wodwala akavuta mutumizeni ku Zomba. Zoona, zipinda za odwala mwakayakaya zili ku zipatala zazikulu zinayi: Queens, Kamuzu Central, Zomba ndi Mzuzu. Ife wathu ndi Zomba, kudzera pa Liwonde. Koma taganizani munthu wa kwa Makanjira. Makilomita pafupifupi 100 kuti angofika pa boma, nthawi ya mvula mitsinje itadzaza. Akafika, ulendo wina wa ku Zomba. Munthu wobanika sangayende wopanda silinda m'galimoto, ndiye silinda imene wakwera nayo yachoka pa bedi la wina. Namwino womuperekeza wachokanso pa wodi. Ukabwerako uyenera kupopera galimoto yonse ndi kolorini nkudikira iume. Nthawi yonseyo foni ikulira, mayi wina mwana wapingasa kuchipatala cha kumudzi. Galimoto ndi yomweyo.

Ndipo mliri ukagwira dziko lonse, kotumiza kumatha. Masiku wamba chipatala chaching'ono chikalephera chimakankhira ku chachikulu. Pa funde, chachikulucho nacho chadzaza tsiku lomwelo.

Che Kabaza: Ndiye pamapeto ambulansi ndife.

Dalaivala Wopuma: Simukunama. Makamaka 2022 mafuta atasowa.

Wa ku Joni: Chabwino, ndamva. Koma ndalama zinalipo. K6.2 biliyoni ya korona ija inapita kuti? Si ija anadyera ma alawansi? Nduna mpaka inachotsedwa. Ndiye mukatiuza kuti kunalibe masilinda, ife tizimva bwanji?

Aphunzitsi a ku Namwera: Apo palibe angakutsutseni. Kafukufuku wa ndalamazo anaonetsa zonyansa, ndipo a Ken Kandodo anachotsedwa pa unduna wa zantchito mu Epulo 2021. Chowawa nchakuti nthawi yomweyo anthu wamba, motsogozedwa ndi a Onjezani Kenani pa Facebook, amasonkha ndalama zawo kugula masilinda ndi zida zina za mpweya. Wina K2,000, wina K5,000. Dziko limodzi lomweli.

Namwino wa Usiku: Nkhani ya ndalama ija inatipweteka ife kuposa mmene mukuganizira. Anthu atamva, anayamba kunena kuti anamwino akulemba aliyense kuti ndi wa korona kuti alandire alawansi. Ndikupita kumsika ndimamva kuti awo akudya za korona. Chonsecho mu Epulo 2020 tinachita kunyanyala ntchito kuti atipatse zodzitetezera. Ndiye kunabwera mphekesera yoti mpweya wa m'silinda umapha. Mukudziwa chiyambi chake? Anthu amabwera mochedwa, atatsala pang'ono, timawaika pa mpweya, amamwalira. Abale amaona kuti wamwalira atavala chija kumphuno. Wotsatira amakana mpweya, kapena abale amamuthawitsa usiku. Ndiye amene akanachira ndi malita 5 akanabwera msanga, amafika akufuna 15.

Sheikh wa pa Mpondasi: Salaam aleikum nonse. Pa kuthawitsa odwala ndinenepo, chifukwa ndinali pakati pake. Anthu athu saopa imfa kwenikweni, amaopa kuikidwa ngati chinthu chotayidwa. Kwathu maliro timasambitsa, timavindikira ndi sanda, timaswalira, tiika tsiku lomwelo. Atamva kuti womwalira ndi korona kapena kolera akumukulunga m'pulasitiki, abale kuonera patali, anati bola afere kunyumba. Pamene azaumoyo anayamba kukhala nafe pansi, kutifotokozera chimene chili choopsa pa thupi la womwalira ndi kolera, nkulola kuti ochepa avale zodzitetezera aone m'bale wawo ndi kumupempherera, mitima inayamba kutsika. Zikanayamba choncho poyambirira, ena akanabwera nawo odwala msanga.

Mlangizi wa ku Makanjira: Wa aleikum salaam Sheikh. Sikomo kwejinji, mwanena zenizeni. Mawu amodzi a mu mzikiti Lachisanu kapena a m'tchalitchi Lamulungu amaposa ine kuyenda ndi chimkuzamawu sabata yonse.

Amake Fatsani: Tabwererani ku kolera abale, poti mabedi ndinaonawo ndi a kolera.

Mlangizi wa ku Makanjira: Tikubwera komweko mayi. Onani mmene zinatsatirana. Omicron akutha kumayambiriro kwa 2022, namondwe Ana wagwa mu Januwale, waononga malo opangira magetsi a Kapichira, magetsi ayamba kuthima maola ambirimbiri. Mu Febuluwale kwapezeka poliyo ku Lilongwe, ife alangizi tayamba kuyenda khomo ndi khomo ndi katemera, ulendo ndi ulendo. Mu Malichi kolera wayamba kwa anansi athu ku Machinga, Gombe naye wagwa. Tinkati ikafika nyengo yadzuwa atha monga mwa masiku onse. Sanathe. Anadutsa chilimwe chonse akuyenda m'mbali mwa nyanja, mvula itabweranso anaphulika. Pa 5 Disembala 2022 boma linalengeza kuti ndi ngozi ya zaumoyo. Dziko lonse odwala anafika pafupifupi 59,000, omwalira oposa 1,700, ndipo Mangochi tinali m'maboma atatu okhudzidwa kwambiri pamodzi ndi Lilongwe ndi Blantyre. Kenako Freddy mu Malichi 2023. Ndiuzeni mwezi umene tinapuma.

Namwino wa Usiku: Ndipo anthu ake ndi omwe aja. Amene anali mu tenti ya korona ndi amene analowa mu tenti ya kolera. Ena anadwala, ena anamwalira, ena anapita ku mabungwe, ena kunja. Nthawi ya Omicron odwala ogona sanachuluke ngati pa Delta, koma ifeyo ndi amene tinagwa. Sabata ina pa wodi yathu theka la anamwino linali kunyumba likutsokomola. Otsalawo usana ndi usiku, tchuthi chaimitsidwa. Munthu wotopa amalakwitsa, amakalipa. Ndikudziwa ena mwa inu tinakukalipirani. Sindikuikira kumbuyo mwano, koma dziwani kuti nthawi zina amene anakuyankhani mokhadzula uja anali asanagone masiku awiri.

Che Kabaza: Ine munandikalipira chifukwa cholowetsa njinga mpaka pa khonde kkkk.

Namwino wa Usiku: Ameneyo sanali ine, koma anachita bwino.

Mwana wa Sukulu ya Udotolo: Kolera kusiyana kwake ndi korona nkwakuti safuna mpweya, amafuna madzi, koma amawafuna msangamsanga. Munthu wamkulu wa makilo 60 amene wafika maso atalowa m'kati amafunika malita 6 a diripi m'maola atatu oyamba okha. Mabotolo 6 a lita imodzi, munthu mmodzi, tsiku lisanathe nkomwe. Akafika 20 usiku umodzi kuchokera pa doko limodzi, katoni zimatha ngati mandasi. Ndipo mitsempha imakhala itafota, kupeza pobaya ndi luso. Koma akafika msanga, ambiri Thanzi ORS yekha amawakwanira, osagona nkomwe.

Amake Fatsani: Apongozi anga anali otero. Anayamba kutsegula m'mimba cha m'ma 10 usiku, madzi oyera ngati otsukira mpunga. Abambo a kunyumba amati tidikire kuche. Ine ndinakana. Pofika kuchipatala mawu anali atatha, khungu ukalitsina limangoima osabwerera. Mu tenti munali fungo la kolorini lolasa m'maso, pansi pa bedi lililonse chidebe, china pambali chosanzira. Madiripi ena anawapachika pa chingwe chimene anamanga kuchoka pa mzati kufika pa mzati, ngati poyanika zovala. Mnyamata mmodzi yekha wovala magambutsi ndi amene amakhuthula zidebe zonsezo usiku wonse. Ine sindimudziwa dzina, koma ndimamupempherera. Tsiku lachitatu apongozi anapempha phala. Ndi chifukwa chake ndikaona mabedi aja akudyedwa ndi dzimbiri zikundiwawa.

Sheikh wa pa Mpondasi: Alhamdulillah kuti anachira.

Madala a ku Malindi: Amayi inu munapulumutsa munthu pokana kudikira kuche.

Wa ku Joni: Ndiye tinene kuti palibe chimene chinasintha? Zaka zonsezi?

Namwino wa Usiku: Zilipo, tisanamizire. Ku Queens kuli makina opangira mpweya amene anaikidwa nthawi ya korona, ku Kamuzu Central nakonso. Makonsentireta anachuluka kuposa kale. Anzathu ena amene anakhala zaka pakhomo ndi masatifiketi analembedwa ntchito nthawi imeneyo. Ifenso tinaphunzira, lero kukhazikitsa tenti ya kolera sitingachedwe ngati poyamba. Koma katundu wobwera pa mliri amabwera ngati mphatso ya pa ukwati. Kamakina kakaonongeka sefa, palibe bajeti yake, palibe wokonza pafupi, kamakankhidwira pakona nkufundikidwa nsalu. Pitani m'sitolo iliyonse mukaone manda a makina.

Aphunzitsi a ku Namwera: Katemera naye tinamuchita chimodzimodzi. Anafika mu Malichi 2021, anthu kukana, za 666 ndi zakuti sudzabereka. Mu Meyi boma linatentha oposa 19,000 amene anatha mphamvu. Delta atafika pachimake mu Julaye anthu omwe aja anathamangira kukafola, katemera atatha. Tikaona maliro timathamanga, maliro akatha timaiwala.

Mlangizi wa ku Makanjira: Ndipo kolera mankhwala ake enieni sali kuchipatala. Pitani pa doko lililonse m'mawa muone. Asodzi mazana, chimbudzi chimodzi kapena palibe, mchenga sulola kukumba dzenje lolimba, likagwa mvula limagumuka. Pomwepo wina akutsuka mbale, wina akutunga akumwa. Timagawa kolorini, wina amati madzi akununkha, amathira theka kapena amachapira. Tenti imangolandira zimene doko latumiza.

Usipa Wabwino: Apa ndiyankhe ngakhale munandithamangitsa. Ife pa doko timalipira ndalama tsiku ndi tsiku kwa a komiti. Chimbudzi chikadzaza mpaka lero palibe wopopa. Musamangoti asodzi ndi auve.

Mlangizi wa ku Makanjira: Sindinati auve achimwene. Ndati chimbudzi palibe. Tikunena chimodzi.

Admin: Tsono tisangolira. Amake Fatsani, pa chipatala chanucho komiti ya chipatala ilipo?

Amake Fatsani: Ilipo, wapampando wake timapemphera limodzi. Ndiwauza mawa. Koma akandiyankha kuti ndalama palibe?

Madala a ku Malindi: Musapemphe ndalama poyamba. Pemphani chilolezo kwa in-charge kuti anthu a m'mudzi awatsuke, awapale dzimbiri, awapake penti nkuwaika pansi pa denga. Muwerenge kuti abwino ndi angati, ofuna kuwotcherera ndi angati. Mulembe pa pepala, kope lina lipite kwa a gulupu, lina kwa khansala. Chinthu cholembedwa sichisowa msanga ngati cha pakamwa.

Namwino wa Usiku: Ndipo musawagwire ndi manja chabe, mufunse mlangizi wa pamenepo akusungunulireni kolorini, muvale magolovesi. Mufunsenso ngati zidebe zake zilipo, chifukwa zidebe ndi zimene zimayamba kuyenda. Tenti muifunyulule muone ngati makoswe sanaiboole, ndi zitsulo zake ngati zakwana. Ine ndanyamuka, naiti ina ikundidikira, ndipo sindinaphike.

Che Kabaza: Wowotcherera ndili naye, mlamu wanga. Ndimunyamula ulere Loweruka, koma ma rodi mugule nokha. Magetsi akakhalapo.

Wa ku Joni: Penti ndigula ine, malita 5. Nditumizireni nambala ya Airtel Money ku inbox mayi. Musanene kuti ili ndi korona.

Amake Fatsani: Kkkkk zikomo achimwene. Koma pali vuto limodzi. Nkhuku ija ndi ya mlonda, ndipo wandiuza kuti mazira atsala masiku 6 kuti aswe.

Che Kabaza: Bedi limenelo tidzamalizira.